Chombo chiyambe chapita chokha: phunziro la 1960 lomwe NASA yabwererako

Bungwe loona za maulendo a m'mlengalenga la dziko la America, NASA, lidalengeza pa 24 November 2025 kuti chombo cha Starliner, chomwe idapanga kampani ya Boeing, sichinyamula munthu paulendo wake wotsatira. Lidati chidzanyamula katundu yekha kupita kusiteshoni ya International Space Station, ndiponso kuti ulendowo sudzachitika mwezi wa April 2026 usanakwane. Mgwirizano wa mbali ziwirizi wasinthidwanso: maulendo omwe NASA idalonjeza kugula atsika kuchoka pa 6 kufika pa 4, ndipo awiri otsalawo idzaona mtsogolo ngati ikuwafunabe.

Kwa kampani yomwe idapatsidwa ntchitoyi mu 2014 pamtengo wa $4.2 biliyoni, nkhaniyi njowawa. Chombochi chidanyamulapo kale anthu, ndiye kuchiuza kuti chiulukenso chopanda munthu kuli ngati kubweza dalaivala wa basi kusukulu yoyendetsa galimoto atayamba kale kunyamula anthu pamsewu. Komabe mbiri ya maulendo oyambirira a m'mlengalenga ikuonetsa kuti ganizo lotere ndi lomwe lakhala likupulumutsa miyoyo. Ikuonetsanso chinthu china chovuta kuchimeza: ulendo woyesera pawokha suteteza aliyense. Chomwe chimateteza ndi atsogoleri omwe amalola zotsatira za mayeso kuimitsa ndondomeko yawo, ngakhale kuimako kuwatayitse ndalama, nthawi ndi ulemu.

Zomwe zidagwera Starliner

Ulendo woyamba wa Starliner wopanda anthu udachitika pa 20 December 2019. Wotchi ya m'kompyuta ya chombocho idasiyana ndi nthawi yeniyeni ndi maola 11, choncho chombo chidaganiza kuti chili pagawo lina la ulendo n'kuwononga mafuta ambiri, ndipo sichidafike kusiteshoni. Akatswiri ali pakalikiliki wofufuza vutolo adapeza lina m'mapologalamu a kompyuta, lomwe likadachititsa kuti zigawo ziwiri za chombo ziwombane pobwerera, ndipo adalikonza kutangotsala maola ochepa kuti chitere. Gulu lomwe lidafufuza nkhaniyi lidapereka mfundo 80 zofunika kukonza, ndipo Boeing idabwereza ulendowo ndi ndalama zake.

Ulendo wachiwiri, mu May 2022, udafika kusiteshoni n'kubwerako bwino, koma timainjini tina ting'onoting'ono towongolera chombo tidazima panjira. Popeza tina tidagwira ntchito m'malo mwake, ulendowo udatengedwa kuti wayenda bwino. Pa 5 June 2024 Butch Wilmore ndi Suni Williams adakwera chombocho, akuluakulu akudziwa kale kuti penapake pakutuluka mpweya wa helium. Poyandikira siteshoni, timainjini 5 mwa 28 towongolera chombo tidasiya kugwira ntchito. Tinayi tidadzukanso, ndipo awiriwo adafika. Koma pa 24 August NASA idagamula kuti chombocho chibwerere chopanda anthu. Ulendo womwe udakonzedwa kuti utenge masiku pafupifupi 8 udatha pa 18 March 2025, patadutsa masiku 286, awiriwo atabwerera pachombo cha kampani ya SpaceX.

Mayeso apansi adaonetsa kuti timainjinito tikatentha kwambiri, kachidutswa kotsekera ka Teflon kamafufuma n'kuchepetsa mpata wodutsa mankhwala oyatsira mafuta. Chovuta china n'chakuti timainjinito tili m'chigawo chomwe chimatayidwa n'kupsera m'mwamba chombo chikamabwerera, moti palibe injiniya yemwe adatigwirapo titachoka kuulendo. Chizindikiro chidaoneka mu 2022, koma gwero lake lidamveka anthu ali kale m'mwamba. Kusiyana kwa kuona chizindikiro ndi kumvetsa gwero lake ndiko kwalamulira mbiri yonse ya maulendo oyesera.

Ulendo wa masentimita 10

Pa 21 November 1960, ku Cape Canaveral m'chigawo cha Florida, America idayesa koyamba roketi ya Redstone itanyamula kachipinda ka Mercury, komwe kadapangidwira munthu mmodzi. Munalibe munthu. Injini idalira, roketi idanyamuka masentimita pafupifupi 10, kenako injini idazima ndipo roketi idakhalanso pomwe idali. Karoketi kopulumutsira munthu pangozi, komwe kadali pamwamba penipeni, kadauluka kokha kusiya kachipindako. Patangopita masekondi ochepa, maparachuti adatuluka n'kulendewera m'mbali mwa roketi yodzaza mafuta, yomwe panalibe choigwira. Mphepo ikadawomba mwamphamvu n'kudzaza maparachutiwo, roketi ikadagwa n'kuphulika. Wina adaganiza zoboola matanki ndi mfuti kuti mpweya utuluke, koma akuluakulu adakana. Adangodikira mpaka m'mawa mwake kuti mabatire athe mphamvu.

Atafufuza adapeza kuti nthambo ziwiri zamagetsi zomwe zimalumikiza roketi ndi nsanja yake zidazuka mosemphana. Ina idali yaitali kuposa muyezo, ndiye idachedwa kuzuka ndi kanthawi kosakwana n'komwe theka la sekondi, ndipo magetsi adasokera n'kupereka lamulo lozimitsa injini. Vuto lotere silikadaoneka papepala. Adaika nthambo ya muyezo woyenera, n'kuonjezera waya wina wotayira magetsi pansi, ndipo pa 19 December kachipinda komweko kadauluka bwino paroketi ina.

Pa 31 January 1961 adakweza nyani wa mtundu wa chimpanzi dzina lake Ham. Injini idamwa mafuta mothamanga kuposa muyezo, chombo chidakwera makilomita 253 m'malo mwa 185, n'kukagwera panyanja kutali ndi pomwe sitima zimachidikira. Pomwe ankachivuula n'kuti madzi atayamba kulowa. Ham adapulumuka, ndipo ena mu NASA adati popeza nyani wabwerako wamoyo, munthu angathe kukwera. Koma gulu la Wernher von Braun, lomwe lidapanga roketiyo, lidaumirira kuti pachitike ulendo wina wopanda munthu woyesa zomwe lidakonza. Ulendowo udachitika pa 24 March ndipo udayenda bwino kwambiri. Alan Shepard akadakwera tsiku limenelo akadakhala munthu woyamba kufika m'mlengalenga. M'malo mwake, Yuri Gagarin wa dziko la Soviet Union adazungulira dziko lapansi pa 12 April, ndipo Shepard adauluka pa 5 May.

Uwu ndiwo mtengo weniweni wa kusamala. America idaluza mpikisano ndi masabata atatu chifukwa cha ulendo womwe, poyang'ana m'mbuyo, ukadatha kunyamula munthu popanda vuto. Koma von Braun analibe njira yodziwira zimenezo ulendowo usanachitike. Chomwe ankadziwa n'chakuti roketi yake idachita zosayembekezereka paulendo wapitawo, ndipo zomwe adakonza zidali zisanayesedwe m'mwamba.

Roketi yaikulupo ya Atlas, yomwe idayenera kufikitsa munthu panjira yozungulira dziko, idavutanso chimodzimodzi. Pa 29 July 1960 idasweka isanathe mphindi imodzi chinyamukireni. Pa 25 April 1961 ina idalephera kukhota kulowera komwe idayenera, ndipo woyang'anira chitetezo adaiphulitsa dala. Ulendo uno karoketi kopulumutsira kadagwira ntchito yake, kadachotsa kachipindako bwinobwino, moti kachipinda komweko kadaulukanso pa 13 September 1961 n'kuzungulira dziko kamodzi. Ulendo umenewu ndi womwe udayesa koyamba masiteshoni otsata chombo omwe America idamanga kuzungulira dziko lonse, kuphatikizapo awiri a muno mu Africa, ku Kano m'dziko la Nigeria ndi ku Zanzibar. Nyani wina, Enos, atazungulira dziko kawiri mu November, John Glenn adakwera pa 20 February 1962.

Agalu ndi chidole

Mbali ya Soviet Union zinthu zinkachitika mobisa, koma njira idali yomweyo. Gagarin asanakwere, gulu la Sergei Korolev lidayesa chombo cha mtundu wa Vostok maulendo 7 kuyambira May 1960 mpaka March 1961, ndipo atatu okha ndiwo adayenda bwino kuyambira kunyamuka mpaka kutera.

Paulendo woyamba, womwe udanyamuka pa 15 May 1960, chombo chidaloza kolakwika poyatsa injini yobwerera, moti m'malo motsika chidakwera. Pa 28 July roketi idaphulika itangonyamuka, agalu awiri n'kufa. Pa 19 August agalu ena, Belka ndi Strelka, adakhala m'mlengalenga tsiku limodzi n'kubwerako amoyo. Kumayambiriro kwa December chombo china chidasemphana ndi njira yake pobwerera, ndipo bomba lomwe lidaikidwamo kuti chisagwere m'manja mwa maiko ena lidachiphulitsa pamodzi ndi agalu Pchyolka ndi Mushka. Pa 22 December roketi idalephera kufika panjira yozungulira dziko ndipo chombo chidagwera ku Siberia, ngakhale agalu ake adapezeka amoyo.

Apa akuluakulu adadziikira malire omveka: munthu sakwera mpaka chombo chenichenicho, chokhala ndi zonse zomwe munthu adzagwiritse ntchito, chitayenda bwino kawiri motsatizana. Pa 9 ndi pa 25 March 1961 chidatero, ulendo uliwonse chitanyamula galu mmodzi ndi chidole cha msinkhu wa munthu chomwe adachitcha Ivan Ivanovich. Chidolecho chidavala zovala za woyenda m'mlengalenga ndipo chidatsika ndi parachuti yakeyake monga momwe Gagarin adadzatsikira. Pankhope pake adaikapo chikwangwani chonena kuti n'chidole, kuopa kuti anthu akumudzi angachiyese maliro. Patatha masiku 18 Gagarin adauluka kwa mphindi 108.

Ngakhale maulendo ambiri adalephera, malirewo adali omveka ndipo adatsatidwa. Patangopita zaka 6, dziko lomwelo lidawaphwanya.

Pomwe chenjezo lidanyalanyazidwa

Korolev adamwalira mu January 1966, chombo chatsopano cha Soyuz chisanauluke. Pofika 1967 n'kuti Soviet Union isanatumizenso munthu m'mlengalenga kuchokera mu March 1965, pomwe America idachita maulendo 10 a anthu pazombo za Gemini. Chaka cha 1967 chidalinso chokumbukira kuti patha zaka 50 chipani cha chikomyunizimu chitalanda boma, ndipo atsogoleri ankafuna chooneka.

Soyuz idayesedwa katatu yopanda munthu. Pa 28 November 1966 chombo choyamba chidalephera kudziwongolera, chidatha mafuta, ndipo chidaphulika pobwerera. Pa 14 December roketi yachiwiri idakana kunyamuka, ndipo anthu atayamba kuiyandikira, karoketi kopulumutsira kadayaka kokha n'kubutsa moto womwe udaononga nsanja yonse ndi kupha munthu. Mu February 1967 chombo chachitatu chidavutikanso kudziwongolera, chidabooka pachishango choteteza kutentha pobwerera, n'kukagwera pamadzi oundana a nyanja ya Aral makilomita mazanamazana kutali ndi pomwe chimayembekezereka, kenako chidamira. Mukadakhala munthu sakadapulumuka, chifukwa oyenda pa Soyuz nthawiyo sankavala zovala zosunga mpweya.

Akuluakulu adati vuto lililonse lapezedwa ndipo lakonzedwa, choncho palibe chifukwa choyesanso. Pa 23 April 1967 Vladimir Komarov adanyamuka pa Soyuz 1. Phiko limodzi lotapa mphamvu ya dzuwa lidakana kutambasuka, magetsi adachepa, zida zowongolera zidavuta, ndipo adauzidwa kuti abwerere. Adakwanitsa kuwongolera chombo ndi manja mpaka kulowa mumpweya wa dziko, koma parachuti yaikulu sidatuluke m'chikwama chake, ndipo yapadera idapiringizana ndi kaparachuti kochepetsa liwiro. Chombo chidamenyetseka pansi m'chigawo cha Orenburg m'mawa wa pa 24 April. Komarov adakhala munthu woyamba kufa paulendo wa m'mlengalenga.

Chofunika kuona n'chakuti vuto lomwe lidamupha silidali limodzi mwa omwe maulendo atatu aja adaonetsa. Akuluakulu sadaname ponena kuti akonza zomwe adaona. Kulakwa kwawo kudali kuganiza kuti zomwe adaonazo ndiwo mavuto onse. Chombo chomwe chalephera katatu m'njira zitatu zosiyana chikuuza eni ake kuti sadachidziwe bwino, ndipo vuto lachinayi lili m'njira. Ngoziyo itachitika adabwerera kumaulendo opanda anthu, adachita angapo, ndipo munthu adakweranso Soyuz mu October 1968, patatha miyezi 18. Kuthamanga sikufika: ofuna kupulumutsa miyezi iwiri kapena itatu adataya chaka ndi theka pamodzi ndi moyo wa munthu. Soyuz yomwe idakonzedwa pambuyo pake ikuulukabe mpaka lero.

Kulephera komwe kudamveka

Wina akhoza kuganiza kuti lamulo n'lapafupi: mayeso akalephera, yesaninso. Nkhani ya roketi ya Saturn V, yomwe idafikitsa anthu kumwezi, ikuonetsa kuti nkhani siithera pamenepo.

Ulendo wake woyamba wopanda anthu, Apollo 4, pa 9 November 1967, udayenda bwino. Wachiwiri, Apollo 6, pa 4 April 1968, udali wa mavuto okhaokha. Chigawo choyamba cha roketi chidanjenjemera mwamphamvu chokwera ndi chotsika, moti anthu akadakhalamo akadavutika koopsa. Mainjini awiri mwa asanu a chigawo chachiwiri adazima nthawi isanakwane. Injini ya chigawo chachitatu idakana kuyakanso m'mlengalenga, chikhalirecho kuyakanso kumeneko ndiko kumakankhira chombo kumwezi. Komabe ulendo wotsatira wa Saturn V, pa 21 December 1968, udanyamula Frank Borman, Jim Lovell ndi Bill Anders mpaka kukazungulira mwezi.

Kusiyana ndi Soyuz kudali pa zomwe zidachitika m'miyezi 8 ya pakatipo. Mainjiniya adapeza kuti kapaipi kofewa kopititsa mafuta kumalo oyatsira injini ndiko kadang'ambika. Funso lidali lakuti bwanji sikadang'ambikepo pamayeso ambirimbiri apansi. Yankho lidapezeka atakayesa m'chipinda chochotsedwa mpweya. Pansi pano, mafuta ozizira kwambiri a hydrogen ankachititsa kuti mpweya ndi chinyezi ziundane kunja kwa kapaipiko, ndipo zoundanazo zinkaletsa kunjenjemera. M'mlengalenga mulibe mpweya woti uundane, choncho kapaipiko kankanjenjemera mpaka kusweka. M'chipinda muja kadasweka mobwerezabwereza monga kadachitira paulendo. Adakachotsa n'kuikapo paipi yolimba yachitsulo. Adapezanso kuti injini yachiwiri ija idalibe vuto: mawaya adalumikizidwa mosemphana, moti lamulo lozimitsa injini yodwala lidapita kwa inzake yabwinobwino. Kunjenjemera kwa chigawo choyamba adakuthetsa polowetsa mpweya wa helium m'timipata ta m'mapaipi kuti uzimeza kugunda.

Vuto lililonse lidapezedwa gwero lake, lidachititsidwanso dala pansi pano anthu akuona, ndipo mankhwala ake adayesedwa. Ganizo lokweza anthu lidali lolimba mtima ndithu, ndipo mpikisano ndi Soviet Union udali nawo m'mutu mwa akuluakulu, koma lidatsamira pa umboni. NASA ya nthawiyo idalinso itangoika m'manda Gus Grissom, Ed White ndi Roger Chaffee, omwe adapsa m'chombo cha Apollo 1 pamayeso apansi pa 27 January 1967, choncho sinkafuna kuuzidwa kawiri.

SpaceX, yomwe idalandira $2.6 biliyoni pantchito yofanana ndi ya Boeing, idadutsa njira yotereyi. Chombo chake cha Crew Dragon chidapita kusiteshoni chopanda anthu mu March 2019 n'kubwerako bwino, koma mwezi wotsatira chombo chomwecho chidaphulika pamayeso apansi. Adapeza chotsekera chomwe chinkadontheza mankhwala m'paipi yolakwika, adasintha kapangidwe kake, adayesa njira yopulumutsira anthu roketi ili m'mwamba mu January 2020, ndipo pa 30 May 2020 Doug Hurley ndi Bob Behnken adakwera. Dziko la China nalo lidayesa chombo cha Shenzhou kanayi chopanda munthu kuyambira 1999 Yang Liwei asanauluke pa 15 October 2003, ndipo India yakonza zoyamba yatumiza chidole chotchedwa Vyommitra pachombo cha Gaganyaan anthu asanakwere.

Funso la pa Orion

Starliner si chombo chokha chomwe chaika NASA pamphambano. Ulendo wa Artemis I, womwe udanyamuka pa 16 November 2022, udatumiza chombo cha Orion chopanda anthu kukazungulira mwezi, ndipo chidatera panyanja ya Pacific pa 11 December. Pochiunika adapeza kuti chishango choteteza kutentha chidagumuka zidutswa m'malo oposa 100. Chishangochi chimapangidwa kuti chizinyeka pang'onopang'ono chombo chikamalowa mumpweya wa dziko paliwiro la makilomita pafupifupi 40 000 paola, osati kuthothoka zibenthu.

Kafukufuku adatenga zaka ziwiri. Pa 5 December 2024 NASA idati yapeza gwero: mpweya womwe umapangika m'kati mwa chishango chikamatentha unkasowa potulukira, ndiye unkachiphulitsa ming'alu. Idatinso yakwanitsa kuchititsanso vutolo pamayeso apansi. Koma chishango cha chombo cha Artemis II, chomwe chidakonzedwa kuti chinyamule Reid Wiseman, Victor Glover, Christina Koch ndi Jeremy Hansen kukazungulira mwezi mu 2026, chidali chitamangidwa kale mwanjira yakale. NASA idasankha kuchisiya momwemo n'kusintha njira yolowera mumpweya, kuti chishango chisakhale nthawi yaitali m'kutentha komwe kumabweretsa vutolo.

Oikira kumbuyo ganizoli adati iyi ndi njira ya Apollo 6: gwero lapezedwa, lachititsidwanso pansi, ndipo m'kati mwa Orion simudatenthe ngakhale chishango chidagumuka. Otsutsa, omwe mmodzi mwa iwo ndi Charles Camarda, katswiri wa zishango zotere yemwenso adaulukapo m'mlengalenga, adati kumvetsa kwake sikudakwane ndiponso kuti njira yatsopanoyo idzayesedwa koyamba anthu ali momwemo. Mantha awo adali ndi pochokera. Zombo za Challenger mu 1986 ndi Columbia mu 2003, zomwe chilichonse chidapha anthu 7, zidaonongeka ndi mavuto omwe adaonekapo pamaulendo am'mbuyo, koma akuluakulu adawazolowera poona kuti zombo zikubwerabe.

Chomwe chimavuta n'chakuti kuyesanso si kotchipa. Ofesi yofufuza momwe NASA imagwiritsira ntchito ndalama idati ulendo umodzi wa Artemis umadya pafupifupi $4.1 biliyoni. Mu 1961 roketi ya Redstone idali yotsika mtengo ndipo zidalipo zingapo, moti von Braun adatha kupempha ulendo wina n'kuupeza m'masabata 7. Lero chombo chikakhala chodula chonchi, ulendo woyesera umakhala umodzi, ndipo aliyense amakhala ndi chifukwa chofunira kuti zotsatira zake ziwerengedwe mokomera ndondomeko. America yanenanso poyera kuti ikufuna kufika kumwezi China isanafike, pomwe China idati ikufuna kutero pofika 2030. Mpikisano womwe udakankha Soyuz 1 wabweranso m'zovala zina.

Zoyenera kuyang'ana

Nkhanizi zikuchitikira kutali, koma zipatso za mayeso otere zidafika kale kuno. Intaneti ya Starlink, yomwe idayamba kupezeka m'Malawi mu 2023, imadalira masetilaiti onyamulidwa ndi roketi ya Falcon 9 ya SpaceX, kampani yomwe roketi yake yoyamba, Falcon 1, idalephera katatu isanafike panjira yozungulira dziko mu September 2008. Zithunzi zomwe a zanyengo adagwiritsa ntchito potsata namondwe wa Freddy zidachokeranso kumasetilaiti omwe adakwezedwa ndi maroketi odutsa m'mayeso a mtundu womwewu.

Pa Starliner, NASA yasankha njira ya von Braun: yalolera kuchedwa ndi manyazi kusiyana ndi kukwezanso anthu pachombo chomwe zokonzedwa zake sizidayesedwe m'mwamba. Koma nthawi si yambiri. Siteshoni ya International Space Station ikuyembekezeka kutsekedwa cha mu 2030, Boeing yaluza kale ndalama zoposa $2 biliyoni pantchitoyi, ndipo NASA ikufunitsitsa kukhala ndi kampani yachiwiri yonyamula anthu kuti isamadalire SpaceX yokha. Mbali zonse ziwiri zidzalakalaka kuti ulendo wa katunduwo utchedwe wopambana.

Choncho tsiku lomwe Starliner idzatere m'chipululu, kutera bwinoko sikudzakhala yankho, pakuti mu 2022 idateranso bwino. Mafunso ofunika adzakhala akuti kodi timainjini tija tidagwiritsidwa ntchito molimba ndi motentha monga tidachitira Wilmore ndi Williams ali momwemo. Kodi pali ngakhale kamodzi komwe kadazima. Ndipo ngati kalipo, kodi akatswiri angathe kufotokoza chifukwa chake n'kuchititsanso vutolo pansi pano. Ngati yankho la funso lomalizali lidzakhale lakuti ayi, NASA idzakhala pamalo omwe akuluakulu a Soyuz adaima mu March 1967, ndipo idzayenera kusankha ngati ikweze anthu kapena itumizenso chombo chokha.